Choko pa Tayala la Vani

Ndikukumbukira fumbi la ku Chinzombo mu Okutobala, lija lolowa mpaka m'mano. Atate ankayendetsa vani ya pa loji, yonyamula alendo okaona nyama m'paki. Chaka chimenecho difu ya kumbuyo, chibumi chachitsulo chimene chimagawa mphamvu ku matayala awiri, inayamba kulira ngati chigayo, kenako inafa. Bwana wa pa loji sanachulutse mawu: vani iyende alendo omaliza asanabwere, apo ayi apeza dalaivala wina.

Vuto linali kudziwa mtundu wa difuyo. Kachitsulo kolembedwa manambala kanali katathothoka kalekale m'miyala ya m'mitsinje youma. Atate anawerenga mabawuti a chivindikiro, koma mitundu iwiri inali ndi mabawuti ofanana. Inatsala njira imodzi: kukweza tayala limodzi pa jeke, kulemba choko pa tayalalo ndi pa shafiti, kulizunguza kawiri, wina ali pansi kuwerenga kuti shafiti, chitsulo chachitali cholowa mu difu, yazungulira kangati. Nambala imeneyo ndiyo ikanatiuza mtundu wa difuyo. Wopyapyala wokwana pansipo ndinali ine, mtsikana wa giredi folo wodzitama ndi masamu.

Ndinagona chagada pa thumba la thonje. Pansi pankatentha, oyilo wakuda akundidonthera pakhosi, fungo lake lonyansa. Mabuleki anali ogwira, ndiye tayala linkalemera; ndinkangomva Atate akubuula, nsapato zawo zikuterereka m'fumbi. Tinali titayamba m'mawa, ndipo dzuwa linali pamutu. Choko chitadutsa kachitatu, kashembe, ntchentche yoluma ya m'tchire, anandiluma kuseri kwa bondo. Ndinatsinzina, n'kudzimenya mbama. Potsegula maso, choko chinali kwina.

"Ni zingati, iwe?" anafunsa Atate.

Ndinachita mantha kuti tiyambiranso. "Folo, Atate."

"Folo cabe? Palibe hafu?"

"Palibe."

Anangoti ndituluke.

Anapita ku Chipata pa lole, nabwera patatha masiku atatu ndi difu ina yakale ataikulunga m'masaka, maso ali psuu. Anaimanga bwinobwino. Pamsewu wouma vani inkayenda ngati yatsopano, ine mtima m'malo. Koma tsiku limene analowetsa magiya a matayala onse anayi mumchenga, alendo ali m'kati, kutsogolo ndi kumbuyo kunayamba kulimbana, chifukwa matayala sankazungulira mofanana. Chinachake chinathyoka. Azungu anayenda wapansi ndi sikauti wa mfuti, ndipo ife mwezi womwewo tinabwerera ku Nsefu kukalima thonje. Atate sanagwirenso chiwongolero.

Masiku ano mwana wa mlongo wanga amangojambula nambala ya galimoto pa foni, wa sitolo ku Chipata n'kumuuza zonse asanamalize tiyi. Palibenso mwana wogona pansi pa vani. Ndimakondwa nazo, komanso zimandipweteka.

Bodza langa ndinalisenza zaka zambiri. Ndinadzaulula Atate atakalamba, tikusankha mbewu pakhonde. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ninakuona pamene unadzimenya," anatero. "Ninadziwa kuti wasokoneza. Koma mikono yanga inali yasila mphamvu, mwananga. Sin'nafune kuzungulutsa futi."