Tsiku limene ndinafotokoza tanthauzo la kampani

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga mpaka anamwalira. Ndinayamba sukulu mochedwa, ndevu zitatsala pang'ono kumera, ndipo m'mudzi mwathu, kuseri kwa Sinda, wodziwa zilembo ndinali ine ndekha. Ndinkanyada nazo kwambiri.

Masiku amenewo a Chitaganya kalaliki wina ankayenda m'midzi kulemba amuna okagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Halale. Chilichonse ankati kampani. Kampani ikufuna anthu, kampani ipereka bulangeti. Alamu anga aZakeyo, amuna a alongo anga aTikambenji, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe atagwira pepala la Chingelezi. Anandifunsa kuti kampaniyo ndi ndani kwenikweni.

Pepalalo linandikanika kuwerenga. Ndikanangovomera. Koma ndinakumbukira mawu a aphunzitsi akuti kampani ndi anthu ogwirizana kuchita malonda pamodzi, ndipo ndinawonjezera zanga.

"Ili ngati dima, alamu," ndinatero. "Mulima pamodzi, mumwa pamodzi. Wina akadwala anzake amutenga."

Anagwedeza mutu, nakadinda chala.

Dima ndinkalidziwa. Mwini munda amafulula mowa, amagwira khasu pamzere womwewo ndi inu, ndipo akakuchimwirani mumadziwa khomo lake. Ndinaika chinthu chathucho pa chinthu chimene sindinachionepo, kuti ndingooneka wophunzira.

Patatha mvula ziwiri kunabwera kalata ndi kasutikesi kopanda loko. Aphunzitsi ndiwo anawerenga: alamu anafa ndi chifuwa, anaikidwa komweko, kampani ikupepesa. Alongo anga sanalire msanga. Anafunsa kuti kampaniyo ndi mwana wa yani, bwanji osabwera yekha kudzakhala pamaliro monga achitira anthu. Ine ndinali pomwepo.

Mpaka lero mawu akuti kampani amandiwawa. Adzukulu anga amawatchula mosavuta, akuti kampani ya mbewu yakana, kampani ya thonje yachedwa, ngati akunena za mvula. Amene wakanayo ali ndi dzina ndi mudzi, koma wabisala.

Kalata ija itafika, m'mawa mwake sindinapite kusukulu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Sinda, ndinatola mwala, ndinaswa windo la ofesi ya kalaliki uja. Anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, nayang'ana magalasi pansi. Sanandimenye, sanafunse n'komwe kuti ndine wa kwa yani.

"Pita kwanu, mwana iwe," anatero. "Kampani iikapo lina."