Mayi Savariammal ndi Atombolombo a M'mathanki

Pa Misa ya Lamulungu lapitali munamva dzina la mayi Savariammal Innasi likutchulidwa pakati pa omwalira. Ndikulemba za iwo chifukwa ambiri mwa inu munkawaseka, ndipo ndi bwino mudziwe munthu amene munkamusekayo.

Anabadwira m'banja la ophwanya miyala, kuseri kwa tchalitchi chathu. Anali mwana wamantha, ndipo mantha sanawachoke mpaka imvi. Ankaopa agalu, mabasi ndi mphezi. Atakwatiwa anayamba kuopanso udzudzu, pakuti malungo a dengu anatenga mwana wawo woyamba, kenako mwamuna wawo. Kuyambira pamenepo ankasesa m'tchalitchi kolona ili m'dzanja, atadzifunditsa nsalu yawo ya sari mpaka m'zala ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Mukudziwa kuti ku Mzere wa Kumiyala madzi amabwera mwa apo ndi apo, choncho nyumba iliyonse imawasunga m'thanki ya simenti. Chaka chimene dengu inabwerera, a zaumoyo analamula kuti mathanki akhuthulidwe. Anthu anakana, amvekere, timwa chiyani? Namwino Jebamani ndiye anaonetsa mayiwa njira ina. M'thanki ya kutchalitchi munali ana a tombolombo wotuwa uja, amene amatera pakhoma mapiko atatambasula, osasiyana ndi simentiyo. Ndi mbale wa ofiira a m'minda ya mpunga, koma ndi wa mtundu wakewake, wokonda kuikira mazira m'madzi a m'mathanki ndi m'maenje a pathanthwe. Ana akewo ndi oopsa powaona, ndipo mlomo wawo wam'munsi umafwamphuka n'kugwira mphutsi za udzudzu.

"Ndiwagwire ndi manja angawa?" anafunsa mayi Savariammal.

"Ndi chikho, amayi," anayankha namwinoyo. "Ine ndekha nyumba zonsezi sindingazithe."

Anapita, chidebe cha ana a tombolombo chili pamutu, kukawaika m'mathanki a m'nyumba zomwe ngakhale achibale ankazilambalala. Udzudzu wa dengu umaluma usana, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe. Pakhomo loyamba anakumana ndi Packiam, mayi wa ana atatu wodziwika ndi pakamwa.

"Taonani anzanga, agogo atibweretsera ndiwo! Tikazinge, kapena tithire bwemba?"

"Ziseka, mwana wanga, koma usathiremo sopo. Ndipo ana ako aleke kumanga atombolombo ulusi kumchira."

"Nanga mwendo ukugwederawo, agogo?"

"Ukugwedera, eya. Koma wafika."

Sindikunena kuti atombolombo anathetsa mliri. Wonena zimenezo ndi wabodza. Ana ena tinawaikabe m'manda. Koma m'mathanki omwe mayiwa ankayendera mphutsi zinkachepa. Ntchitoyo inalibe mapeto, pakuti ana a tombolombo akakula amakwera khoma, amavula chikopa n'kuuluka, thanki n'kutsala yopanda mlonda. Mayiwa ankabwereranso chaka ndi chaka, milomo ikunong'ona Tikuoneni Maria. Sanazolowere. Inu amene mumati wolimba m'chikhulupiriro sachita mantha, chenjerani, mungaweruze oyera a Mulungu.

Mwezi watha udzudzu unawapeza. Bambo Lourdusamy, wansembe wathu, atabwera ndi mafuta a odwala, mayiwa anati, "Abambo, ndikuopa."

"Ambuye nawonso anaopa ku Getsemani, amayi."

"Ndiye akudziwa. Iwo agwire dzanja ili, inu gwirani linali."

Anapuma komaliza m'mawa mwake, nkhope ili phee, Packiam akuwapukuta pamphumi.

Dzulo ndinadutsa ku Mzere wa Kumiyala ndi kusuzumira m'mathanki. Pamakoma pali zikopa zouma, m'madzi mphutsi zikuvina. Mvula yayandikira, ndipo mwana wamng'ono wa Packiam wagona thupi lili moto. Lamulungu likudzali, Misa ikadzatha, tidzafunsa amene apite kumeneko. Musadzatiuze kuti mukuopa.