Gebulo ya kuchipinda kwa mwana

Chivomezi chaching'ono chinadutsa ku Lisasadzi patatha miyezi iwiri chiikire maliro a mkazi wanga. Mbale zinagwedera pashelefu, basi. Sabata yomweyo uthenga unayamba kuzungulira m'mafoni woti chachikulu chibwera Lachinayi. Anthu ankafunsa ine, poti ndinafika kukoleji. Ndinkawauza kuti tsiku la chivomezi palibe amalidziwa, ndipo ankachoka osakhutira.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi gebulo, khoma losongoka lija lofika kudenga. Yathu tinamanga ndi dothi, njerwa imodziimodzi, yopanda chogwirira. Inali itang'aluka polowa chala, ndipo pansi pake ndi pomwe pankagona mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu.

Lachitatu m'mawa ndinakwera padenga ndi hamala n'kuyamba kuzula misomali ya malata a mbali imeneyo. Sindinauze munthu. Masiku amenewo sindinkalankhula kwambiri.

Nyumbayo ili pamudzi pa akuchikazi. Ine ndine mkamwini, ndipo anali asanandisudzule. Mkamwini wofedwa akayamba kusasula malata, mudzi umadziwa kuti akusamuka. Zimenezo m'mutu mwanga munalibe.

Apongozi anga aakazi anachoka kuchigafa komwe ankasoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Anaima chapatali, nkhope atalozetsa kumbali.

"Bambo, ngolo mwaitana kale, kapena malatawo musenza pamutu?"

"Ngolo yachiyani, amayi?"

"Yopitira kwanu. Mukanadikira tikusudzuleni bwinobwino. Nanga mvula yonseyi, mwanayu azigona pati?"

Ndinatsika. Ndinawatengera kuseri kwa nyumba, n'kulowetsa chala mumng'alu uja iwo akuona. Ndinafotokoza kuti ndikufuna kutsitsa njerwa zapamwambazo, m'malo mwake ndikhomepo matabwa ndi malata, zinthu zopepuka. Chigafa chimagwedezeka koma sichipha munthu.

"Ndiye za Lachinayizi n'zoona?"

"Sindikudziwa, amayi. Kaya chibwera mawa, kaya mwanayu atakula, njerwazi zisakhale pamwamba pa mutu wake."

"Ndiye kuti simukupita."

"Sindikupita."

Anakhala pansi pakhonde, n'kumachotsa utomoni m'zala kwa nthawi ndithu. Sindinawayang'ane kumaso.

"Sukulu yonseyi," anatero, "pakamwa pokha n'kukanika kutsegula. Mwana wanga ankakupirirani bwanji?"

Anatuma mawu kwa alamu anga awiri kuti asiye fodya. Tinkapatsirana njerwa kuchokera pamwamba, iwo akundiseka kuti kukoleji sindinaphunzire kugwira hamala. Mitambo isanasonkhane, pagebulo tinali titakhomapo matabwa ndi malata, ndipo malata a padenga anali atabwerera m'malo mwake.

Lachinayi anthu ambiri anaswera panja, pansi pa mitengo ya mango, mawailesi ali pambali. Dziko silinagwedezeke. Masana mwana anasinza, ndinamunyamula n'kukamugoneka m'chipinda chake. Ndinaima pakhomo pang'ono kumvetsera kupuma kwake, kenako ndinatseka chitseko n'kupita kuchigafa, komwe apongozi anandisunthira mpando.