Chitini cha nthenga cha a Makwinja

Lachiwiri lapitali masana nditatsika minibasi ku Chilomoni kuno, kabichi ali m'manja, ndinaona anthu akuthamangira kumtunda. Amayi, anyamata a kabaza, ngakhale wogulitsa chimanga chootcha anasiya mbaula yake. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno anthu akamathamangira mbali imodzi onse, winawake ali m'madzi.

Amene anali m'madzi anali a Makwinja, telala wathu wokalamba. Makina awo akhala akulira pakhonde pawo kuyambira ine ndisanamere ndevu. Mayunifolomu a ana athu, madiresi a amayi a kumpingo, mathalauza ong'ambika pakati, zonsezi zimadutsa m'manja mwawo. Akazi awo anatisiya, ana anapita kokasaka moyo, iwo amakhala okha. Ndipo tisanamizane, kuno munthu akakalamba n'kumakhala yekha, theka la mlandu amakhala nalo kale.

Ndikuuzeni kaye zomwe ambiri sankazidziwa. A Makwinja ali m'kalabu ina yaing'ono ya anthu owedza nsomba ya m'mitsinje yozizira ya kumapiri a Zomba ndi Mulanje, yotchedwa trauti. Nsombayi saiwedza ndi nyongolotsi. Imadya tizilombo togwera pamadzi, ndiye owedza amamanga nthenga ndi ulusi pambedza kuti zioneke ngati chiwala kapena ngumbi. Eni ake amazitchula kuti mafulayi. Ine ndinaziona tsiku lina ndikudikira thalauza langa, ndipo anandifotokozera kwa nthawi yaitali mpaka ndinaiwala chomwe ndinabwerera.

Chaka chilichonse mvula ikagwa, kalabuyi imadzala mitengo m'mbali mwa mitsinje, kutola zinyalala, kenako imasonkhanitsa ana a sukulu kuwaphunzitsa kumanga mafulayi ndi kuponya chingwe. Zaka zonsezi akhala akuchitira pa kapinga wa uko kokhala mabwana. Chaka chino a Makwinja anaumirira kuti mwambowu ubwere pabwalo lathu la mpira, ana a kwathu kuno aoneko. Ana ambiri afuna nthenga zambiri. N'chifukwa chake mdalayu anayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Anatola nthenga za nkhanga kumsika. Anapempha ubweya wa kumchira wa mbuzi kwa wogulitsa nyama. Ndipo anapempha amake Tadala, oyandikana nawo nyumba, nthenga za m'khosi mwa tambala wawo wakuda. Mayiyu anapereka akuseka. Sabata isanathe, Tadala, kamwana ka zaka zochepa, anatentha thupi mpaka kukomoka.

Zotsalazo mwazidziwa kale, si choncho?

Pomwe ndimafika, anyamata anali atathyola kale chitseko. Mmodzi anatuluka ndi chitini cha mabisiketi n'kuchikhuthulira pansi. Munatuluka timbedza tovala nthenga zakuda, tomangidwa ndi ulusi wofiira, tina tili ndi timikanda tiwiri kumutu.

"Tili ndi maso! Mayo ine, tili ndi maso!" anakuwa mayi wina akubwerera m'mbuyo.

A Makwinja anali ataima pafupi ndi makina awo, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

"Madala, tiuzeni bwinobwino. Izi ndi chani?" anafunsa mnyamata wa kabaza wotchedwa Yobu, yemwe ndi amene ankatsogolera phokoso.

"Ndi nyambo ya nsomba, ana anga. Ndakonzera ana a sukulu Loweruka likubwerali."

"Ana a sukulu! Mwamva? Akufuna ana ambiri!"

"Nsomba yake iti yodya nthenga?" wina anakuwa kumbuyo. Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Yobu anawayandikira. "Chabwino madala, tingoti ndinu msodzi. Nsombazo zili kuti? Alipo pano anakuonanipo mutanyamula nsomba? Inu daily mumagula bonya pa msika ngati ife tomwe."

Ine yankho ndinkalidziwa, ndipo ndinkapemphera kuti mdalayu aname. Anene kuti amagulitsa konko. Anene kuti amadyera kuphiri. Koma a Makwinja si munthu wa bodza.

"Tikagwira timazibwezera m'madzi," anatero.

Kenako kunabuka chiphokoso chomwe sindikufuna kudzachimvanso. Munthu kukwera minibasi mpaka ku Zomba, kukwera phiri, kugwira nsomba, n'kuibweza? Ndiwo zikuvuta chonchi? Kwa gulu lija umenewu unali umboni wokwanira kuti kuphiriko amakachita zina. Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unaswa zenera. Ndinamva mawu akuti petulo.

Ndinayesa kuyankhula. Ndinati ine ndikuzidziwa zinthuzi, n'zowedzera basi. Bambo wina yemwe timapemphera naye limodzi ananditembenukira n'kundifunsa kuti, "Akulu, inunso ndi a gulu lomwelo eti?" Ndinachita mantha, abale anga, mantha enieni.

Amene anatipulumutsa tonse ku tchimo ndi mayi Chapola, ogulitsa mandasi pa siteji. Anadutsa pakati pa gulu, beseni lili pamutu, n'kukaima kutsogolo kwa amake Tadala omwe ankalira pambali. Za nthenga sanafunse n'komwe.

"Asisi, mwana ali kuti?"

"Ali m'nyumba."

"Kuchipatala mwapita naye?"

Amake Tadala anapukusa mutu.

"Ndiye mwana akupsa m'nyumba, inu muli pano kuonerera miyala? Iwe Yobu, pakamwa ndiye uli napo. Njinga yako ili kuti? Tenga mwana ndi mayi ake, pompano!"

Yobu anayang'ana uku ndi uku, koma mayi Chapola si munthu womuyankha kawiri. Njinga inalira, mwana anapita. Gulu litasowa mtsogoleri linayamba kuzizira, mpaka a chitetezo cha m'dera anafika n'kuwatulutsa a Makwinja. Otsalawo anathira palafini pa mafulayi aja n'kuyatsa. Ntchito ya milungu ingapo inatha ngati udzu, ndipo fungo la nthenga zopsa linatsala mpaka madzulo.

Tsono tiyeni tikambirane, ife tokhatokha.

Sindikudabwa kuti anthu sanamvetse zobwezera nsomba m'madzi. Munthu amene ana ake agona ndi nsima ya mchere ukamuuza zimenezo, akuona ngati ukumutukwana. Chifukwa chake n'chosavuta: nsombazi zilipo zochepa, ndipo aliyense akamanyamula yake, chaka chamawa mtsinje utsala madzi okha. Ife a mu Blantyre tikanayenera kumvetsa msanga kuposa wina aliyense. Taonani timitsinje tathu tomwe tadzaza matewera ndi majumbo. Muli chamoyo mmenemo kupatula udzudzu?

Koma kusamvetsa chinthu si chilolezo chotola mwala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife kudekha tinakusiya kuti? Mwana akadwala nyengo ya mvula ino, udzudzu uli ponseponse, bwanji maso athu amathamangira kwa nkhalamba ya pakhomo loyandikana m'malo mothamangira kuchipatala? Ndipo bwanji nthawi zonse amakhala wokalamba, wamasiye, wopanda anyamata ake omuteteza? Bwana wa mpanda wautali atapezeka ndi chitini chomwechi, tikanati ndi zachizungu, n'kupempha kuti atijambule nacho.

A kalabu nawonso ndili nawo mawu. Zaka zonsezi mwakhala mukusangalala ndi luso la zala za a Makwinja. Munadzafikako kamodzi kwawo kudzaona komwe amamangira mafulayi anuwo? Munakumanapo ndi makolo, a mipingo, aphunzitsi, kuwafotokozera kuti mukubwera ndi chiyani? Munangomusiya mdala yekha aziyenda m'makomo kupempha nthenga za tambala wakuda, m'dera lomwe ngakhale mwana amadziwa zomwe anthu amaganiza akamva za tambala wakuda. Mumadziwa kutentha kwa madzi komwe trauti imafuna, koma kutentha kwa mitima ya anthu omwe mukufuna kuwaphunzitsa simunakufufuze.

Loweruka a kalabu aja anabweradi. Magalimoto anaima pabwalo, anakhoma tenti, anayala ndodo zawo zazitali zowedzera. Ana anaima patali, kuseri kwa golo, chifukwa makolo anali atawaletsa kuyandikira. Wapampando wa kalabu, bambo waulemu ndithu wa chipewa chachikulu, ankangoyang'ana kumsewu. Anandifunsa ngati ndawaonako a Makwinja, chifukwa foni yawo sinkagwira. Ndinamuuza zonse. Anavula chipewa n'kukhala pansi, ndipo mwambo unatha dzuwa lisanafike pamutu.

Tadala ali bwino. Anali malungo. Anamupatsa mankhwala, ndipo dzulo ndamuona akuthamangitsa tambala yemwe uja.

A Makwinja ali ku Bangwe kwa mwana wawo wamkazi. Ndinayankhula nawo pafoni ya mwanayo. Sanadandaule za zenera kapena za mafulayi. Anangoti, "Yobu uja yunifolomu yake yoyamba ndinasoka ine, mayi ake atamubereka kumbuyo." Kenako anati sakudziwa ngati angagonenso m'nyumba ija.

M'mawa uno ndadutsa pakhomo pawo. Pali loko, zenera atseka ndi katoni. Ndinapeza mayi wina, yemwe Lachiwiri ndinamuona ndi maso angawa atanyamula mwala, akusuzumira pa mng'alu. Akuti sukulu ikutsegulidwa, ndipo diresi la mwana wake lili mkatimo losamalizidwa. Anandifunsa, osachita manyazi ngakhale pang'ono, kuti, "Kodi madalawa abwera liti?"

Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu, anthu a ku Chilomoni. Tinathamanga tonse kukawathamangitsa. Ndani mwa ife akwere minibasi ya ku Bangwe kukawatenga, ndipo akakafika pakhomopo akanena kuti chiyani?