Tsiku Limene Abambo Anamwetsa Mwana Wawo Mowa

Abambo anasiya mowa chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Ndinali kamtsikana, koma ndikukumbukira mmene ankamwera kumsasa wa othawa nkhondo kuja, mpaka kusinthanitsa ufa wathu wolandira ndi kachasu. Titafika kwathu ku Tsangano n'kupeza nyumba ili phulusa, anagwada pabwinjapo n'kulumbira kuti dzanja lawo silidzakhudzanso botolo. Anasungadi mawu awo. Ngakhale botolo lopanda kanthu akalipeza panjira ankalikankha ndi phazi. Patapita zaka anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo amayi atamwalira anasamukira ku Macanga, kufupi ndi Chidzolomondo, kukalima fodya.

Ine ndinatsala ku Tsangano kumene ndinakwatiwa, ndipo mpaka lero ndimagulitsa mbatatesi pamsika. Amene anapita ndi abambo ndi mlongo wanga wondiponda pamutu. Anakwatira komweko, namanga nyumba pafupi ndi yawo. Anali wolimbika pantchito, koma chimene ankatchuka nacho ndi maso. Fodya amagulidwa malinga ndi mtundu wa tsamba, ndipo iye ankangoti tsamba kuliyang'ana kamodzi, wadziwa kale mulu wake. Anzake ankamubwereka kuti akawasankhire wawo. Vuto lake linali limodzi: fodya akagulidwa, njira yobwerera kunyumba inkadzera pa baraka, tinyumba togulitsira mowa tija.

Chaka china ndinapita kukawaona nyengo yozizira, fodya woyamba atangogulidwa. Loweruka masana tinamva kuti mlongo wanga ali pa baraka ya kumsewu ndi mnzake wina womwa naye, akumwa mowa wachilendo woyera ngati madzi, wothiridwa m'mabotolo akale a madzi akumwa. Ankati wachokera m'tauni, ndi wotchipa komanso waukali kuposa kachasu. Abambo anavala chipewa n'kutuluka. Dzuwa lisanalowe anabwera naye atamugwira pamkono ngati mwana wothawa sukulu, bambo wa ana atatu. Sanaledzere kwenikweni. Anadya, n'kukagona.

Lamlungu m'mawa anadzuka akudandaula mutu. Mnzake uja anafika kumapeto kwa bwalo n'kumaimba likhweru, kumuitana kuti akachotse matsire ndi kachasu wa m'mudzi momwemo. Mlongo wanga anayamba kufunafuna nsapato. Abambo anatenga mpando n'kukhala pakhomo penipeni. Mnzakeyo ataona chipewa chija anazimiririka yekha.

Abambo sanalekere pomwepo. Anamuuza kuti asambe, avale malaya oyera, ndipo tisananyamuke kupita kutchalitchi anamugwaditsa pabalaza, dzanja lili pa Baibulo, kuti alumbire kuti sadzalawanso mowa mpaka imfa. Analumbira misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinakondwa, sindibisa. Ndinamuthirira thobwa m'kapu n'kumuseka kuti kuyambira lero mowa wake ndi umenewo, akafuna waukali athiremo shuga wambiri. Anamwa pang'ono n'kusiya, akuti m'mimba mukumupota.

M'tchalitchi ndinakhala mbali ya amayi, koma ndinkamuona bwino. Buku la nyimbo ankaliyandikiza kumaso, kenako kulitalikitsa, kenako kupukuta maso ndi mkono wa malaya. Potuluka anaphonya sitepe n'kugwira mlamu wanga, mkazi wake, paphewa. Nditafika pafupi anandinong'oneza.

"Achemwali, kunja kuno kwagwa chifunga?"

Dzuwa linali phwee, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Tisanafike patali anasanza kuseri kwa tchalitchi, ndipo kapumidwe kake kanasintha. Ankapuma mozama, mofulumira, ngati munthu amene wakwera phiri atasenza thumba, chonsecho atangokhala pansi.

Abambo anati ndi matsire, thupi likutaya zoipa, timusiye. Mlamu wanga ndi munthu wofatsa amene sanawayankhepo apongozi ake chikwatiwire, koma tsiku limenelo anati matsire a mwamuna wake amawadziwa kuposa munthu aliyense, ndipo awa si matsire. Tinapeza mota ziwiri, njinga zamoto zonyamula anthu zija. Ine ndinakwera naye imodzi, iye pakati ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe. Abambo ndi mlamu anatsatira pa inayo. Msewu wa ku Furancungo, kumene kuli chipatala, ndi wafumbi ndi maenje, ndipo njira yonse ndinkamufunsa kuti akuona chiyani. Poyamba ankati akuona mitengo. Kenako ankati akuona zinthu zakuda zikudutsa. Kenako anasiya kundiyankha.

Kuchipatala tinapeza tekiniku, amene ife timangomutcha kuti adokotala, bambo wa imvi pang'ono wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anamuunika m'maso ndi tochi, namvetsera kapumidwe, n'kufunsa chimene anamwa ndi nthawi yake. Atamva za mabotolo a madzi aja nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati panali wina amene anamwa naye. Mlamu anati alipo, koma ali bwinobwino, tamudutsa akuimba pa kachasu kuyambira m'mawa. Adokotala anagwedeza mutu ngati akuyembekezera yankho lomwelo, natuma uthenga kuti munthuyo abwere naye kuchipatala.

Mlongo wanga anamuika diripi, n'kutiitanira pakhonde. Anati mowa ujawo uyenera kuti unasakanizidwa ndi metanolo, madzi amene amafanana ndi mowa m'maonekedwe ndi m'fungo, koma ntchito yake ndi yosungunulira utoto ndi kuyatsira moto. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anati metanoloyo payekha sapha. Chimapha ndi chimene thupi limamusandutsa. M'chiwindi muli kanthu kotchedwa enzima, kamene ntchito yake ndi kuphwanya mowa. Kakaphwanya mowa wamba, zotsala zake thupi limathana nazo. Kakaphwanya metanolo, pamatuluka asidi amene amawawasa magazi n'kuwotcha mtsempha wa diso. N'chifukwa chake munthu amagona bwinobwino, zoopsa n'kuyamba mawa lake, chiwindi chitagwira kale ntchito.

Mawu akuti enzima ndinali ndisanawamvepo, ndipo anaona kuti ndasokonezeka. Anandifunsa ngati ndimaphika thobwa. Ndinati inde. Anati chimene chili m'chimera, chimene chimasungunula phala lolimba n'kulitsekemeretsa popanda shuga, ndi enzima yomweyo, kungoti ya mtundu wina. Apo ndinamva. Ndakhala ndikuthira chimera m'phala moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuti chikangolowa sichifunsa, chimangogwira ntchito. Ndinaganiza za chinthu chotero chikugwira ntchito m'mimba mwa mlongo wanga nthawi yomweyo, ife tili chiimire pakhonde.

Ndinafunsa ngati pali njira yochiimitsira. Anati mankhwala ake enieni ali kutali, ndipo galimoto yopita naye ku Tete aiitanitsa, koma maso sangadikire galimoto. Njira yotsala inali imodzi. Enzima ija ili ngati chigayo cha kukamwa kumodzi, ndipo imakonda mowa wamba kuposa metanolo. Ukaipatsa mowa wamba imatanganidwa nawo, metanolo n'kumangodikira pamzere osagayidwa, mpaka atatuluka pang'onopang'ono ndi mkodzo ndi mpweya. Choncho wina athamange akagule mowa wa kufakitale, wa botolo losatsegula, ndipo iye mwini ndiye aziyeza mlingo wake.

Ndinayang'ana abambo. Anali atavala jekete la kutchalitchi, Baibulo lili m'khwapa, fumbi la mumsewu lili m'nsidze. Anafunsa adokotala ngati akuwaseka. Adokotala anati sangaseke pa maso a munthu. Kenako abambo anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Ndiye kuti mnzake uja chamupulumutsa ndi kachasu wa m'mawa uja?"

Adokotala anangoti palibe kholo limene likanadziwa zimenezi, ndipo chofunika tsopano ndi nthawi. Koma tonse tinamva yankho lake, ndipo tonse tinaona m'maganizo mpando uja uli pakhomo.

Sindinadikire chilolezo. Ndinathamanga mpaka kumsika, n'kulowa mu baraka yoyamba imene ndinaiona, ine mayi wa chigwirizano, nditavala chitenje cha mpingo. Amuna amene anali mmenemo anasiya kulankhula. Wogulitsa anayamba nthabwala yakuti lero ulaliki unali wowuma pakhosi. Ndinamuuza kuti andipatse jini wosatsegula, nthabwala akachite ndi amake. Ndinayang'anitsitsa chitsekerero kuti sichinakhudzidwe, n'kulikulunga botololo m'chitenje. Ndinabwerera kuchipatala ndikuthamanga.

Adokotala anafunsa kulemera kwa mlongo wanga, nayeza mowawo ndi jekeseni yopanda singano, n'kuusakaniza ndi madzi m'kapu. Mlamu anamudzutsa mutu. Fungo litangomufika m'mphuno, mlongo wanga analuma mano n'kutembenukira kukhoma. Tinamuchonderera. Adokotala anamufotokozera zonse kachiwiri, pang'onopang'ono. Iye ankangobwereza mawu amodzi, kuti walumbira, walumbira pa Baibulo, ndipo khungu limeneli ndi chilango, akamwanso afa. Mutu wake sunali bwino, koma lumbiro lokha linakhazikika. Kumukakamiza sikukanatheka, chifukwa adokotala anati akatsamwa zifika m'mapapo.

Abambo anali ataima pawindo, atatifulatira. Ndinawaitana, sanatembenuke. Ndinali ndisanawakalipirepo, koma mantha anandichotsa ulemu.

"Ababa, mwamumanga ndinu, womumasula ndinu. Mukufuna lumbiro kapena mukufuna maso a mwana wanu?"

Mlamu anandikoka chitenje kuti ndikhale chete. M'chipindamo munkangomveka kupuma kwa mlongo wanga. Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji, koma ndinkawerengera mumtima kuti mpweya uliwonse umene akukoka, chigayo chija chikugaya. Ndinawada abambo nthawi imeneyo. Ndinawamveranso chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti sakulimbana ndi ife. Ankalimbana ndi munthu uja amene iwo anali kumsasa, amene anamukwirira pabwinja ku Tsangano.

Abambo anaika Baibulo pawindo. Anabwera n'kulandira kapu kwa adokotala ndi manja awiri. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nalowetsa dzanja kunsi kwa khosi la mwana wawo.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Lumbiro lija ndalichotsa pa iwe, likhale pa ine. Tsegula pakamwa."

Mlongo wanga anafunsa ngati alidi ababa, popeza sankawaona. Anawagwira kumaso, nakhudza chipewa. Kenako anatsegula pakamwa. Abambo anamumwetsa pang'onopang'ono ngati mmene timamwetsera khanda phala, akupukuta ndi chala zimene zinkatsikira kuchibwano. Nthawi iliyonse imene adokotala ankati mlingo wina wakwana, ankamumwetsa ndi iwo, osalola wina kugwira kapuyo, mpaka galimoto inafika. Anakwera naye kupita ku Tete, manja akununkha jini.

Anthu ena akamva nkhaniyi amaseka n'kumati ndiye kuti mowa ndi mankhwala. Ine sindiseka nawo. Umene unamuwononga unalinso mowa, ndipo umene unamuthandiza unkayezedwa ndi munthu wodziwa, diripi ili pamkono.

Mlongo wanga anakhala moyo. Ku Tete anati akanachedwa pang'ono tikanakamutenga m'bokosi. Koma madzi akatayika saoleka. Diso lamanzere linazimiratu. Lamanja limaona munthu ngati chithunzithunzi, limasiyanitsa usana ndi mdima, koma mitundu siliona. Mnzake uja anabwera kuchipatala mawa lake, adokotala anamusunga pang'ono n'kumutulutsa ali bwinobwino. Mpaka lero amamwa, ndipo akakumana ndi abambo panjira amawapatsa moni mwaulemu, atavula chipewa.

Atabwerera kumudzi abambo anapita okha kwa akulu anzawo a mpingo kukanena kuti anamwetsa munthu mowa ndi dzanja lawo. Akuluwo anati palibe mlandu. Koma abambo anatula udindo ndithu, ndipo palibe amene anatha kuwabweza. Za mpando uja sanazitchulepo, ine sindinazitchulepo, mlongo wanganso sanazitchulepo. Koma mlamu anandiuza kuti mpandowo abambo anauwaza nkhuni.

Chaka chatha ndinapitanso nyengo yosankha fodya. Ndinawapeza awiriwo m'chigafa, atakhala pamphasa imodzi, mulu wa masamba uli pakati. Manja a mlongo wanga sanaiwale. Amakhudza tsamba n'kudziwa kukhuthala kwake, kutalika kwake, ngakhale pamene linali pamtengo. Chotsala ndi mtundu wokha. Ankatola tsamba, kulitambasula, n'kulitukula cha kumene kuli abambo.

"Ili ndi lotani, ababa?"

Abambo maso awo ndi aukalamba, ndipo ntchito yosankha sanaidziwepo bwino. Ankalitenga tsambalo, kupita nalo pakhomo pamene pali kuwala, kulitembenuza uku ndi uku, n'kubwerera kudzamuuza kuti ndi lofiirira, koma kunsonga ladera pang'ono. Mlongo wanga ankaliika pamulu wake n'kutola lina. Ndinayang'ana fodya amene anali atapachikika m'chigafamo, wodzaza mpaka kudenga, ndipo abambo anali atanyamukanso kupita pakhomo ndi tsamba lina.