Petulo wa m'zigubu ndi manja a mwana wanga

Nkhani yabwino inandipeza mumsika, nditakhala kuseri kwa milu yanga ya chinangwa, ndikuingitsa ntchentche zochokera kwa ogulitsa usipa. Ndinaona mwana wanga wamkazi akuthamanga kutsika chitunda, wopanda nsapato, mpango uli m'manja. Ndinati basi, zachitika, mlongo wake wapita. Ndinayamba kumanga nsalu m'chiuno monga timachitira popita pa maliro.

"Ama! Ama! Galimoto yalira, ndipo sikuzima!"

"Nanga iyeyo?"

"Achimwene ali pomwepo. Akupempha madzi osamba."

Madzi osamba, anthuni! Mwana wanga kupempha madzi osamba! Ndinaimba nthungululu pakati pa msika, ine nkhalamba ya zidzukulu, ndinavina fumbi kobo, chinangwa ndinasiyira mbuzi. Yewo Chauta, yewo, yewo! Koma kuti mumve chimene ndinavinira, ndiyambe ndakudyetsani zowawa, pakuti zowawazo ndiye zambiri.

Mwana wanga woyamba anapita ku Joni monga anapitira bambo ake. Kumeneko anaphunzira umakaniko mpaka anatsegula kagalaja kake. Tsiku lina kunabwera anthu ndi moto. Iye anatulukira pawindo. Mnzake wogwira naye ntchito sanatuluke. Anafika kuno ndi kachikwama kamodzi, manja akunjenjemera ngati masamba a chinangwa pa mphepo ya mwera. Kapu ya tiyi inkafika pakamwa itatayika theka.

Kudya ayi, kusamba ayi, kuyankhula ayi. Tinapita naye kuchipatala cha paboma, anamupatsa mankhwala, anamwa, koma ankangogona maso ali kukhoma. M'mawa wina asodzi anabwera naye atanyowa mpaka kumutu. Anati anangolowa m'nyanja ndi zovala zomwe, nkumapita, nkumapita. Kuyambira pamenepo tinkamulondera mosinthana, ine ndi mlongo wake. Zingwe ndinabisa, mipeni ndinabisa, koma nyanja ungaibise kuti?

Ndiye kunabwera mkulu wina wa malo ogona alendo ku Mwaya. Pogula malowo anapezamo galimoto yakale m'shedi, yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yaifupi moti mbuzi itha kuidumpha. Ambiri anaiyesa nkuisiya, ati zida zake kulibe. Atamva kuti kwathu kuli makaniko wa ku Joni, anaikoka ndi lole nkudzaitula pabwalo panga. Ndinafuna kumuthamangitsa. Koma ndinamva chitseko kwee, mwana wanga uyo watuluka, wazungulira galimoto, watsegula boneti.

"Ama, iyi sidya ngati zinzake," anatero. "Kumbuyoku kuli pampu yokankha petulo mwamphamvu. Apa pali chogawira. Timapaipi iti tikupita ku ma injekita, timilomo topopera petulo ngati nkhungu mkati mwa injini. Kakangolowamo kachitsotso, basi, yafa."

Chibwerereni anali asanayankhulepo mawu ambiri chotero. Mtima wanga unayamba kuimba. Koma anawonjeza, maso ali pansi:

"Ikandikana iyi, ndiye kuti manja anga anapsera konkuja. Musadzavutikenso nane."

Ndinamva. Mayi amamva zotere ngakhale zitakutidwa. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa mwana wanga unali pansi pa boneti, ndipo ine wosadziwa ngakhale sipanala ndinasanduka mlonda wa galimoto.

Anayamba ndi batire, anabwereka ya minibasi. Anachotsa mapulagi, anawapala, anaona kuti moto ukuthetheka. Anatsegula kiyi, pampu inalira kumbuyo ngati udzudzu, nyiii. Anamasula timapaipi kuti mpweya utuluke. Kenaka anazula ma injekita onse, iliyonse nkuilowetsa m'botolo lake, mabotolo ndandanda ngati ana a sukulu. Atapukusa injini, awiri okha ndiwo anapopera nkhungu. Enawo ankangodontha, ndo, ndo, ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Anawatsuka, anawapemerera, anawabwezera. Galimoto inalira, vuuu! Ine ndinadzuka kuti ndivine. Ndisanaponde kawiri inatsokomola, inalavula utsi wakuda, zii.

Anatsukanso. Inalira, inatsokomola, zii. Anasintha sefa ya petulo. Inalira, inatsokomola, zii. Anakayikira pampu, ati mwina ikutentha ndi dzuwa lathuli, anaifunditsa chiguduli chonyowa. Zii. Ikazima, iye ankakhala pansi pomwepo, nsana watsamira tayala, osaphethira. Tsiku lina sipanala inamupulumuka katatu konse. Anamenyetsa dzanja pachitsulo mpaka magazi chuu. Ndikumumanga bala, sanalire, sanandiyang'ane. Ndinkalakalaka akanalira.

Masiku amenewo petulo anasowa. Pamalo omwetsera mafuta panali mizere yokhayokha, ndiye anthu ankagula wa m'zigubu kuseri kwa depoti. Aliyense akudziwa kuti wa m'zigubu sasowa madzi ndi zinyalala, choncho timasefa ndi nsalu. Mwana wanga, posamala, ankafuna kansalu katsopano nthawi iliyonse akamathira.

"Chemwali, ndipatse yoyera, yothinana bwino. Koma isakhale yonyowa, wamva? Madzi ndi mdani."

Mlongo wakeyo, pofuna kumukondweretsa, anasankha nsalu yabwino koposa m'nyumba mwathu, yoyera mbee, imene timayanikapo ufa wa kondowole. Ankang'amba kachidutswa, kukung'untha, nkumupatsa. Kuchapa ayi, paja anati isanyowe. Ine ndinkaona, iye ankaona, tonse tinkati tikuchita ukhondo.

Linafika tsiku limene sanatsegule boneti. Anadzuka mochedwa, anapinda zovala zake bwinobwino, anapereka wotchi yake kwa mlongo wake.

"Mukawauze eni ake adzatenge galimoto yawo," anatero.

"Ada, mwana wanga, dikira pang'ono."

"Ndadikira, Ama."

Anapita kukhonde kukataya petulo wa m'mabotolo aja, amene anagonera pamenepo osagwedezedwa. Ine ndinali kumbuyo kwake, phazi ndi phazi, pakuti ndinalumbira kuti lero akapita kunyanja tikamira awiri. Ananyamula botolo, anaima. Analiyang'anitsa padzuwa. Pansi pake panali tinthu toyera, tonanda. Anatsanula pang'onopang'ono, anatola ndi kamtengo, anapotokola pakati pa zala.

"Ama, tanunkhizani."

Kuseri kwa petulo kunali kafungo kowawasa kamene ndakadziwa chibadwire.

"Uwu ndi ufa wathu," ndinatero.

Ufa wobisala mu ulusi wa nsalu unkatsika ndi petulo, nkukakumana ndi timadzi ta m'zigubu, nkusanduka phala. Iye akatsuka, ife timathiranso. Akatsuka, timathiranso. Mlongo wake anagwira pakamwa, misozi mbwe.

"Achimwene, paja munati isanyowe!"

Mwana wanga anamuyang'ana, analoza galimoto. Kenaka anati, "Iwe, mlendo wachokera kutali chonchi, wamuphikira kondowole wopanda ndiwo?"

Sanaseke ayi, ndisaname. Mlomo wokha unagwedera mbali imodzi. Koma anabwerera kugalimoto. Anatsitsa thanki, anatsuka, anayanika. Anamasula paipi iliyonse, chogawira chomwe, tizitsulo tating'ono ngati njere za mpunga atatiyala pathireyi yanga ya tiyi. Manja akakana, ankawapana m'khwapa, nkudikira, nkuyambanso. Petulo anamusiya agone m'ndowa kuti madzi atsike, nkumatunga wapamwamba yekha, kusefera sefa ya kusitolo. Ine mantha sanandichoke. Ndinkati ikakananso pamenepa, palibenso botolo lina lotiombola. Ndinatsikira kumsika tsiku la nkhani yabwino lija chifukwa m'nyumba munalibe ngakhale mchere, osati chifukwa mtima unali pansi.

Nditakwera chitunda, mpweya utandithera, ndinaimva ndisanaione. Sinkatsokomola. Inkangoguguda, du du du du, ngati ng'oma ya malipenga ikakhazikika. Manja a mwana wanga anali kunjenjemerabe, ndipo mpaka lero amanjenjemera. Alipo masana ena amene amayang'anabe kukhoma, ine nkusiya zonse kukakhala pakhomo pake. Koma tsiku limenelo dalaivala wa minibasi ya ku Mzuzu anamufunsa kuti, "Abwana, yanganso ikudya mafuta ngati ili ndi njoka m'mimba, simungaimvereko?" Ndipo mwana wanga, ndi pakamwa pake, ine ndikumva, anayankha kuti, "Mubwere nayo mawa."

Mawa, anthuni! Mawa, mawa, mwana wanga ali ndi mawa!

Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Anabwera mayi wogulitsa tomato, atandinyamulira chinangwa chotsala kwa mbuzi. Anabwera telala wa pakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi. Anabwera amayi a chigwirizano, osavala yunifolomu, wina sopo ali m'manja. Anabwera kalaliki wa paboma wochokera ku Dedza ndi akazi ake oyembekezera. Anabwera wogulitsa kaunjika, anabwera wometa tsitsi, anabwera mlamu wanga wosamva uja, nkugwira boneti ndi chikhatho kuti naye amve. Anabwera zidzukulu zanga zonse, anabwera agalu a eni ake, anabweranso gogo mnzanga wa kuseri kwa tchalitchi, amene mwana wake sanabwereko ku Joni, ndipo anavina kuposa ine.