Loko pa Thanki

Pa ntchito onse ankawatchula kuti a Pang'ono, chifukwa pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene anayendetsa galimoto za madamu, panalibe anawaonapo akupitirira mnzawo pamsewu. Madamuwo anali ndi kampani yosindikiza makalendala ndi makadi a ukwati. A Pang'ono ndiwo ankakatula katunduyo kwa makasitomala pa kagalimoto kotuwa, kaja kokwera miyendo kodzionetsa ngati kakakulu, pomwe m'kati anthu asanu amakhala mopanikizana mawondo.

Anali munthu woyenda ndi kansanza m'thumba. Akaona kadontho pa galasi ankayamba apukuta, moni pambuyo. Chilema chawo chinali chimodzi: kusadandaula. Galimoto ikatsokomola ankaichiza okha mwakachetechete, madamu osadziwa n'komwe kuti inadwalapo. Iwo ankati umenewo ndiwo ulemu, ndipo munthu ukanawatsutsa ukanangotaya malovu ako.

Ndiye kagalimotoko kanayamba kumwa mafuta. Thanki imene kale inkafika Loweruka, tsopano Lachinayi masana muvi wosonyeza mafuta unali utagona kale. Misewu yomweyo, katundu yemweyo, phazi lomwelo.

"A Pang'ono, kodi galimotoyi ikumwa yokha kapena ili ndi anzake?" anafunsa madamu tsiku lina, maso ali pa mapepala.

Anaseka madamuwo, koma kunali kuseka kwa mano okha. A Pang'ono anamva kutentha m'makutu. Munthu amene anasungapo makiyi a nyumba ya madamu mwezi wathunthu iwo ali kuchipatala, lero akumuyesa wakuba mafuta ndi paipi ndi kachigubu.

A Pang'ono anapita kukapopa matayala onse anayi, poti tayala lofewa limadya mafuta. Anatsegula boneti, natulutsa fyuluta ya mpweya, yakuda bii ngati nsanza yophulira mapoto, naikamo yatsopano. Anasintha mapulagi. Anamasula chonyamulira katundu cha padenga chimene chinkangolimbana ndi mphepo chopanda kanthu. M'buti anachotsamo mabokosi awiri a makalendala a chaka chatha amene ankangoyenda nawo ngati achibale. Choziziritsa m'galimoto anasiyiratu kuyatsa, n'kumafika kwa makasitomala malaya atamatirira kumsana.

Lachinayi masana, muvi gone.

"Abambo, bwanji osangowauza madamu kuti apite nayo okha ku galaja?" anatero akazi awo, powaona atakhala pakhonde nsapato osavula. "Inu mukuonda, galimoto ikunenepa."

"Ndikawauza ndisanapeze vuto, aziti ndikudzitchinjiriza."

"Nanga mukakhala chete akuti chiyani?"



Lolemba m'mawa anapeza chivindikiro cha thanki chasinthidwa. Chatsopanocho chinali cha loko, ndipo kiyi wake anali pa mulu wa makiyi a madamu. Palibe anawauza kanthu. Anaima pamenepo kansanza kali m'manja, mtima ukuwawa kwambiri, kenaka anapukuta chivindikirocho poti chinali ndi zidindo za zala.

Vuto linadziulula tsiku lomwelo, iwo asakulifuna. Atabwerako kokatula makadi anayamba kutsuka galimoto monga mwa masiku onse. Atathira madzi pa tayala lakumbuyo kumanzere, anamva kuti tswii, nthunzi n'kukwera. Anakhudza chitsulo chake, n'kuchotsa dzanja msanga. Matayala atatu enawo anali ofunda chabe.

Ananyamuka ulendo wa kwa makaniko wina wa ndevu zaimvi, mnzawo wakalekale. Makanikoyo anakweza galimoto pa jeke nayesa kuzunguza tayalalo ndi manja. Linakana.

"Achimwene, inu mwakhala mukuyenda mutaponda buleki," anatero akupukusa mutu. "Chopanira ichi chachita dzimbiri, chikagwira sichikubwerera. Injini ikukoka, tayala likukana. Mafuta angapirire bwanji? Ngakhale inu, wina atakugwirani lamba kumbuyo, mungamadye kawiri."

Anamasula, napala dzimbiri, napaka girisi, nasintha mapadi a buleki amene anali ataperepeseka mpaka pa chitsulo. Atalikankha tayala ndi chala chimodzi, linazungulira lokha mpaka a Pang'ono anatopa kuliyang'ana. Padi imodzi yakuthayo anaikulunga m'kansanza kawo.

Apa ndiye panafunika kuthamangira kwa madamu, buleki ikadali yotentha. Koma a Pang'ono, pang'ono pawo pomwepo. Anati ayambe aona ngati zathekadi, kuti asakalankhule zinthu zopanda umboni.

Lachinayi linadutsa muvi uli chilili. Loweruka linadutsa. Thanki inafika mpaka Lolemba linalo, zimene sizinachitikepo n'kale lomwe.

M'mawa umenewo analowa mu ofesi atavala malaya osita bwino, kansanza kali m'manja, mawu atawakonza kuyambira kunyumba. Madamu anawalandira ndi nkhope yowala.

"Ndaona, a Pang'ono. Mafuta akukhalitsa tsopano."

"Eya madamu, n'zimene ndabwerera. Vuto linali buleki yakumbuyo. Onani padi iyi mmene..."

"Chitsulo chamafutacho musaike pa makadi a anthu." Anakankhira makadiwo kumbali, namwetulira mwachifundo. "Musavutike kufotokoza, bambo. Tonse timapanikizika nthawi zina. Chiikireni loko uja zinthu zasintha, ndiye kwa ine nkhani yatha. Ndakukhululukirani."

A Pang'ono akanakonda kukalipiridwa. Kukalipa munthu umakuyankha, koma chikhululukiro cha mlandu umene sunapalamule umachibweza bwanji? Anaikulunganso padi ija n'kuibwezera m'thumba.

Panja makatoni a makalendala anali atapakiridwa kale, ndipo muvi tsopano unali utagonadi. Anakhala pa chiwongolero kanthawi, manja ali pa mawondo. Kenaka anatsika, nabwerera ku ofesi kuja, nagogoda pa chitseko chimene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankangolowa.

"Madamu," anatero motsitsa mawu, "ndimapempha kiyi wa thanki."